Wodwala wa pa Sofa

Ndine mwana wa abusa, koma m'tchalitchi ndimakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo. Kwaya sindiimba. Munthu akandipatsa moni ndimayankha ndikuyang'ana nsapato zake. Ndiye zimene zinatuluka pakamwa panga tsiku lija zinandidabwitsa ine ndemwe.

Chaka chino akuluakulu a mpingo anapereka guwa kwa mbusa wachinyamata. Akuluakuluwo anawasiyira Bambo ntchito yoyendera odwala kuchipatala, n'kuwauza kuti chaka chikamatha tituluke m'nyumba ya mpingo. Choncho atamva kuti chipatala china cha kunja chikufuna mbusa woti azikacheza ndi odwala, mosinthana ndi mbusa wakumeneko amene adzabwere kuno, Bambo anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Ntchitoyo inali ndi nyumba yake, ndipo ife tikanawatsatira pambuyo. Mayeso olemba anakhoza. Kunangotsala kuti akuluakulu a chipatalacho awaone ndi kucheza nawo pa kompyuta.

Mnzawo wa Bambo amene anagwirapo ntchito kunjako anali atawachenjeza. Anati kumeneko wodwala sumugwira pamutu, Baibulo sutsegula asanakupemphe, ndipo akakhala chete nawenso umakhala chete. Kwa Bambo zimenezi zinali ngati kuuza tambala kuti asalire. Sabata yonse Amayi ankawayesa ali pa makina awo osokera.

"Abusa, dzanja! Likukweranso ilo."

"Dzanja limeneli ladzutsa anthu ambiri, mayi."

"Likhalireni. Likawadzutsabe mukafika."

Mlongo wanga wamng'ono, amene timamutcha Bishopu chifukwa amalalikira nkhuku kuseri kwa nyumba, ankaseka mpaka kugubuduka pansi.

Tsikulo litafika Amayi anamuthamangitsira Bishopu kwa anzake. Kompyuta tinabwereka kwa aphunzitsi oyandikana nafe, n'kuiika pamwamba pa mabuku a nyimbo kuti nkhope ya Bambo izioneka bwino. Kumbuyo kwawo Amayi anapachika nsalu yoyera yobisa ming'alu ya khoma. Bambo anavala kolala ndi jekete, koma kumapazi anali ndi masilipasi. Ine ntchito yanga inali kuima pawindo nditakweza foni m'mwamba, chifukwa kwathu netiweki imangopezeka pamenepo.

Pa kompyuta panaoneka anthu awiri: mayi wa imvi mutu wonse, ndi bambo wa magalasi amene ankangolemba osadzutsa mutu. Ankafunsa m'chizungu. Bambo ankayankha bwino, ngakhale thukuta linali litanyowetsa kolala. Amayi anaima kuseri kwa kompyuta, milomo ikuyenda, akupemphera chamumtima. Mkono wanga unayamba kuwawa koma sindinautsitse.

Kenako mayi wa imvi uja anati, "Abusa, tinali ndi munthu woti akhale ngati wodwala kuti tione mmene mumachezera naye, koma lero sanabwere. M'nyumbamo muli wina amene angatithandize?"

Bambo anayang'ana Amayi. Amayi anapukusa mutu mwamphamvu, pakuti chizungu chawo chimathera pa moni. Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine.

Amayi anabwera n'kundilanda foni kuti aime pawindo m'malo mwanga.

"Usatichititse manyazi," anandinong'oneza. "Ungonena kuti mutu ukupweteka, basi."

Ndinagona pa sofa, Bambo n'kutembenuza kompyuta kuti tizioneka tonse. Mayi uja anandimwetulira.

"Mwana wanga, uli m'chipatala, ndipo wauza anamwino kuti sukufuna pemphero. Zina zonse upeke wekha."

Kupeka ine sindidziwa. Kusukulu aphunzitsi ankati zimangirizo zanga zimamveka ngati lipoti la apolisi.

Bambo anagogoda pa mkono wa sofa ngati chitseko, anakoka kampando n'kukhala pambali panga. Dzanja lamanja analilowetsa pansi pa ntchafu.

"Ndine mbusa wa pachipatala pano. Ndingakhale nawe pang'ono?"

Ndinagwedeza mutu. Kenako kunali zii. Ndinkamva wotchi ya pakhoma ndi wailesi ya kwa aphunzitsi. Pakhosi pa Bambo pankakwera n'kutsika, ndipo ndinadziwa kuti vesi lafika pamenepo, akulimeza.

"Ndamva kuti sukufuna pemphero," anatero. "Palibe vuto. Ungakonde kundiuza chifukwa chake?"

Ndikanangoti mutu. Mawuwo anali kale pa lilime. Koma chibadwire changa Bambo anali asanandifunsepo funso n'kudikira yankho. Amafunsa, n'kudziyankha okha, n'kutseka ndi ameni. Tsiku limenelo anadikira. Anangokhala, akundiyang'ana, osanena kanthu. Komanso mawu a chizungu amatuluka mopepuka, ngati amene akuyankhula ndi munthu wina, osati iwe.

"Chifukwa ndikakuuzani mukazinena m'tchalitchi."

Bambo anaseka pang'ono. "Ayi, za wodwala zimathera pabedi pomwepa."

"Bambo anga ndi mbusa ngati inu," ndinatero, maso ali kudenga. "Nditalemba mayeso omaliza ndinawauza kuti pa masamu mantha anandigwira, ndinapereka pepala osalembapo kanthu. Ndinawauza iwo okha, ngakhale Amayi sindinawauze. Lamlungu anandiimiritsa pamaso pa mpingo wonse, anthu n'kutambasulira manja kwa ine, kundichotsa mzimu wa mantha. Pano anyamata a pagolosale amanditcha Pepala Loyera. Ndikamadutsa amakweza manja n'kumati aleluya. Ndiye pemphero sindikulifuna."

Amayi chizungu sachimva bwino, koma mawu akuti masamu ndi tchalitchi anawamva. Mkono wawo unagwa, nkhope za pa kompyuta zinauma, iwo n'kuikwezanso foni mofulumira. Zitayambanso kuyenda, bambo wa magalasi anali atasiya kulemba.

Dzanja la Bambo linatuluka pansi pa ntchafu. Linakwera mpaka pafupi ndi chipumi changa, linaima m'malere, kenako linatera pa bondo lawo. Bambo atayankhula, sanayankhule m'chizungu.

"Amakutcha choncho?"

Ndinagwedeza mutu.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lomwelo."

"Bwanji osandiuza?"

Ndinabwezera maso kudenga. Bambo sanabwerezenso funsolo.

"Zikomo, tilekere pomwepa," anatero mayi wa imvi. "Abusa, ameneyu ndi mwana wanu?"

"Inde."

"Zimene wanenazi wapeka, kapena zinachitika? Ndikufunsa chifukwa kuno chinsinsi cha wodwala ndi nkhani yaikulu. Wochiulula, ngakhale pofuna kumupempherera munthuyo, ntchito imamuthera pomwepo."

Amayi anandikodola ndi maso kuti ndiwauze zimene zafunsidwa. Ndinawanong'oneza. Nthawi yomweyo anayamba kugwedeza chala ali pawindo paja, milomo ikunena popanda mawu kuti, "Wapeka! Wapeka!" Inenso ndinkafuna kudzuka n'kunena zomwezo. Nyumba, ndege, sukulu ya Bishopu, zonse zinali pa liwu limodzi limenelo. Koma lilime langa linali litabwerera kumene limakhala masiku onse.

Bambo anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Zinachitika," anatero. "Ndinkaona ngati ndikumuthandiza."

"Nanga za odwala a kuchipatala kwanuko, munazinenapo pa guwa?"

"Maina sinditchula." Anapumira kaye. "Koma anthu amadziwana. Amazindikira."

Bambo wa magalasi anayambanso kulemba. Mayi uja anathokoza, anandithokozanso ine, n'kunena kuti adzaimba foni. Kompyuta inada.

"Iwe mwana iwe!" Amayi anaponya foni pa sofa. "Mutu! Ndinati mutu! Chaka chonse uli duu ngati chitsa, lero ndiye wapeza pakamwa pamaso pa alendo?"

"Mayi, musiyeni."

"Ndimusiye? Inunso abusa, kabodza kamodzi kokha, Mulungu akanakuthyolani mwendo? Tikagona kuti chaka chikatha, pansi pa mabenchi?"

Bambo anavula kolala, anaipinda, n'kukabweza kompyuta okha kwa aphunzitsi. Bishopu atabwera n'kufunsa ngati tikwere ndege mawa, palibe anamuyankha.

Masiku otsatirawo Amayi ankandiyankhula kudzera mwa Bishopu. "Umuuze mlongo wakoyo atsuke mbale." Ine ndili pomwepo. Bambo ankapita kuchipatala m'mawa, kubwera madzulo, kudya mwakachetechete. Foni ikalira tonse tinkaima pamene tili. Ndinkapemphera, inde ine ndemwe, kuti anthu aja aone kuti Bambo sananame, kuti mwina zimenezo n'zokwanira.

Foni yeniyeni inabwera masana ena ndikuchapa kuseri kwa nyumba. Ndinamva Bambo akuyankha m'chizungu pabalaza, mawu afupiafupi. Kenako anatuluka, foni ili m'manja, n'kuima pafupi ndi beseni.

"Atenga wina."

Ndinapitiriza kufikisa malaya amene anali atayera kale.

"Pepani, Bambo."

"Unanama kodi?"

"Ayi."

"Ndiye ukupepesa chiyani?"

Anatembenuza ndowa n'kukhalapo. Anati mayi uja wawauza kuti pali maphunziro a kachezedwe ndi odwala, ndipo akawachita angadzayesenso mwayi ukadzapezeka.

"Msinkhu wanga uno," anatero, "kubwerera m'kalasi kukaphunzira kutseka pakamwa."

Anayesa kuseka koma sizinatheke. M'nyumba Amayi anali atamva kale. Tinkamva mbale zikugundana, akuziika m'katoni mwaphokoso kuti aliyense adziwe.

"Zotsatira za mayeso zikatuluka," anatero Bambo, akuyang'ana thovu la m'beseni, "ukafuna undiuze, ukapanda kufuna usandiuze. Zili ndi iwe."

Ndinafinya malaya aja n'kuwaponya m'madzi otsukuluzira. Misozi inkagwera momwemo, ndipo ndinasangalala kuti manja anga anali otanganidwa.

"Kuseri kwa msika kuli zipinda ziwiri za lendi," anapitiriza. "Akuti denga limadontha mbali imodzi. Amayi ako akana kupita nane kukaziona. Mawa ungandiperekeze?"

Kupita kumsika n'kudutsa pagolosale paja. Ndinaganiza za anyamata aja, ndinaganizanso za Bambo akuyenda okha ndi jekete lawo padzuwa.

"Ndikuperekezani," ndinatero.