Kulemera kwa Dengu

Nthawi inali 9 koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula. Ophunzira anga a udokotala wa ziweto anali atazungulira tebulo. Pakati panali mbira yoyera yomwe ankaitchula Abwana chifukwa cha kunenepa.

Phunziro linali la mankhwala ogonetsa. Lamulo langa onse amalidziwa: palibe wotuluka m'chipindamo nyama isanadzutse mutu.

"Mwaiyeza?" ndinafunsa mtsikana wotsogolera kalasi.

"Eya, aphunzitsi. Kilo ndi theka. Abwana sakumanidwa chakudya."

"Akuposa iweyo!" anatero mnzake, onse n'kuseka.

Ndinawerengera mlingo wa mankhwala pa bolodi, mtsikanayo n'kubaya. Mbira itagona, ndinawaonetsa kutsina kaphazi kuti aone ngati ikumva, komanso kuwerenga mpweya poyang'ana nthiti.

Patapita mphindi khumi, mpweya unayamba kutalikirana. Ndinacheukira pakona. Dengu lonyamulira mbira linali likadali pa sikelo.

"Kulemera kwa dengu munachotsera?"

Mtsikana uja anayang'ana sikelo, kenako ine. Mbira anali atayiyeza ndi dengu lomwe.

Tinabaya mankhwala odzutsa. Mbira ndinaifunditsa thaulo n'kumaisisita pachifuwa ndi zala ziwiri. Belu linalira, koma palibe anasuntha.

Zaka zitatu zapitazo ndinakhala pabenchi kunja kwa chipinda cha opaleshoni, chikwama cha mkazi wanga chili pamiyendo. Madokotala anandiuza kuti adzuka pakatha ola limodzi, koma sanadzuke. Lamulo lija linayambira pabenchi pomwepo, koma ophunzira sadziwa.

Isanakwane 11 koloko, nthiti za mbira zinaima.

"Ndaipha ndine," anatero mtsikana uja.

"Mlingo ndawerengera ndine," ndinatero. "Kilo ndi theka pa mbira imeneyi, ndimayenera kudabwa. Sindinadabwe."

Kunja mvula inakula. Patapita kanthawi, mnzake wanthabwala uja anafunsa, ulendo uno osaseka.

"Nanga titani, aphunzitsi? Abwana sanadzutse mutu."

Ndinavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mumadikira pang'ono," ndinatero, "kenako mumangotuluka basi."

Anatuluka m'modzim'modzi, osakoka mipando. Mtsikana uja anatsala ataima pafupi ndi thaulo. Ndinamupatsa dengu ndi cholembera.

"Liyezeni lilibe kanthu. Mulembe pachogwirira, zilembo zikuluzikulu."

Anaweramira sikelo. Ine ndinatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka zipangizo. Kalasi ina inali kulowa 2 koloko.