Atatu pa Njinga Yamoto

"Munthu akulephera kukweza supuni, inu mukuti akwere njinga yamoto?" Somlith anamenya chitseko cha galimoto yake ndi chikhatho. "Alamu, mutu ukuyenda bwino?"

Anaima panja pa chipatala cha m'tauni, mvula ikuwaza. Mkatimo munagona a Thongdy, bambo ake a Somlith ndi mlongo wake Vilay. Adokotala anali atanena kale kuti palibenso chochita, awatenge azipita kwawo akadapuma.

Khamsing, mwamuna wa Vilay, bambo wa mwana wawo Noy, sanakweze mawu. "Galimoto yanu palibe wainyoza, alamu. Koma msewu wake ndi wozungulira phiri. Mugona panjira, ndipo mtsinje ukadzaza mukhala kutsidya mpaka madzi ataphwa. Njinga idulira pamlatho wansungwi. Dzuwa lisanalowe tafika."

"Mufika ndi mtembo kumsana."

"Inu mufika nawo pamatiresi. Kusiyana kwake n'kotani?"

Vilay anangowayang'ana. Zoti bambo achire zinali zitatha kale. Chotsala chinali chimodzi. Kwawo kumapiri munthu wofera panjira salowa m'mudzi. Amamusiya kunja kwa chipata, osasambitsidwa m'nyumba mwake, ndipo amakamuika payekha, kutali ndi manda a abale. A Thongdy, amene anamanga nyumba yawo ndi manja awo, akanagona pathengo ngati munthu wobwera.

"Galimoto iyi imakoka ndi matayala onse anayi," anatero Somlith. "Ndinaigulira misewu yotereyi."

Khamsing anaseka. "Chaka chatha inakoka ndi miyendo ya njati zolimira. Mpaka pano zikaiona zimathawira m'munda."

"Musekeko. Nanga mlatho wanuwo ukakhala kuti wapita ndi madzi? Mubwerera nawo kuno pamabampu omwewo? M'galimoto agona chogona, sanyowa. Panjinga mukungowamalizitsa."

Zimenezo zinali zoona. Vilay anaona kuti amuna awiriwa atha tsiku lonse akuyamikira zitsulo zawo. Anawasiya nalowa mkati.

A Thongdy anali maso. Anali atatha, khosi ngati la nkhuku yososoledwa.

"Bambo, tikupita kunyumba. Achimwene akuti galimoto, bambo a Noy akuti njinga."

"Chofika msanga?"

"Njinga, mlatho ukakhalapo. Koma ikupwetekani."

"Pano ukuona ndikuseka, mwanawe?"

Vilay anakulunga mphasa, anaika mpunga womata m'kadengu, natuluka. "Tikwera njinga. Bambo pakati, ine kumbuyo. Achimwene, inu tengani katundu mutipeze."

"Akakufera m'manja usadzati sindinanene," anatero Somlith. Koma ndiye amene anawanyamula bambo ake kuwakhazika panjinga. Anavula jasi lake lamvula kuwaveka, anatenga nsalu yayitali kuwamangirira kumsana kwa Khamsing, nakoka mfundo kawiri.

Phula linathera pamsika wotsiriza. Kuchokera apo kunali dothi lofiira, loterera ngati sopo. Khamsing ankayendetsa mapazi ali pansi, njinga ikuvinavina. Vilay anakumbatira bambo ake pachifuwa, ndipo iwo anamugwira pamkono. Pabampu lililonse ankabuula, iye n'kumathokoza mumtima kuti abuula.

Mlatho unalipo. Madzi ankanyambita nsungwi zapansi, mbali imodzi itapendekeka. Khamsing anauyang'ana kanthawi, analavula, nalowapo pang'onopang'ono. Vilay anatsinzina mpaka atamva matayala agwira dothi.

"Tawoloka?" anafunsa a Thongdy.

"Tawoloka, bambo."

"Aja akadali kuzungulira phiri," anatero, ngati akufuna kuseka.

Anakwera mtunda, anatsika, anakweranso. Mvula inakata. Atafika paminda yampunga ya anthu akwawo, madenga a m'mudzi akuoneka pamwamba pa chitunda, dzanja lija linamasuka pamkono wa Vilay. Mutu unatsamira kumsana kwa Khamsing, ndipo pabampu lotsatira sanabuule.

Khamsing anachepetsa moto. "Mayi a Noy, bwanji kumbuyoko?"

"Yendetsani."

"Ndamva ngati alemera."

"Ndati yendetsani. Agona."

Khamsing sanatembenuke. Anawonjezera moto. Vilay anakoka chipewa cha jasi kuphimba nkhope ya bambo ake, anagwira dzanja lija kuti lisalendewere, naluma mlomo kuti msozi usagwe. Msozi umodzi wokha ukanawaimitsa pachipata.

Pachipatapo panaima azakhali a Bouasone, mlongo wawo wa a Thongdy, atabereka dengu la mphukira za nsungwi. Kumbuyo kwawo amuna angapo ankasuta fodya pansi pa nkhokwe. Azakhali anaima pakati pa njira, ndipo Khamsing anaponda buleki tayala lakutsogolo lisanalowe.

"Mwabwera naye? Ali bwanji?"

"Atopa, azakhali. Tiyaleni mphasa."

Azakhali anayandikira, natukula chipewa cha jasi. Anayang'ana nkhope ya mlongo wawo nthawi yayitali. Kenako anayang'ana Vilay. Mmodzi mwa amuna aja anali atadzuka, akubwera.

"Watopadi," anatero azakhali mokweza, nabwezera chipewa. "Mukuimiranji pamphepo ndi wodwala? Lowani msanga. Inu a Phomma, khalani komweko, mudzamuona mawa akapuma."

Njinga inalowa m'mudzi.

Anawakweza pamakwerero a nyumba awiriwo, Khamsing kumapewa, Vilay kumiyendo akuyankhula kuti anansi amve. "Pang'ono, bambo. Tafika. Kwanu kuno." Anawagoneka pamalo pawo pafupi ndi khoma, anawavula jasi, anawapukuta matope kumapazi.

Azakhali anatseka chitseko. Anakoleza moto, anatereka ketulo, nakhala pansi. Vilay anafuna kuyamba kulira, iwo anamugwira phewa. Anadikira mpaka madzi atawira. Ndiye anadzuka, anatsegula chitseko, nayamba kulira maliro.