Wopopa Mvukuto Anatopa

Masiku atatu bambo ndi mwana wawo wamkazi osalankhulana, ndipo basi yobwerera kukoleji inali ya folo koloko. Mayi ndiwo anali atasanduka lamya ya m'nyumbamo. "Muwauze ababa kuti madzi afunda." "Mumuuze pulofesa wanuyo kuti ndamva." Iwo msana ukuwawa, zovala zosita zili mulu.

Nkhani inayambira patebulo. Mtsikanayo, amene ankaphunzira zofukula zinthu zakale, ananena kuti anthu anatha zaka zikwizikwi akusema miyala asanadziwe kusungunula chitsulo. Bambo, wosula makasu ndi nkhwangwa chiyambire unyamata wawo, mkulu wa mpingo pamwamba pake, anaika supuni pansi. Malemba amati wosula chitsulo analipo chigumula chisanabwere, mibadwo yowerengeka kuchokera pa munthu woyamba. Ndiye Mulungu analakwitsa kuwerenga? Mwana anati sananene choncho, kungoti makala a m'ng'anjo zakale amayezedwa zaka zake. Bambo anati makala amayezedwa ndi chitini. Kuyambira pamenepo, zii.

Mayi analibe nthawi yofufuza wolondola. Chimene ankadziwa n'chakuti mwanayu akakwera basi chonchi, holide ikubwerayi sadzabwera, ndipo bamboyo sangayambe kuimba foni ngakhale atadwala. Kuuma mutu kwawo n'kumodzi.

Akulongedza chikwama cha mwanayo, anakhudza chibuma chakuda, cholemera, chokulunga m'sokosi.

"Ichinso n'chiyani? Ukufuna zipi iphulike?"

"Amayi, musachigwetse! Chinafukulidwa pa ng'anjo yakale. Aphunzitsi akuti ndilembe chifukwa chake eni ake anachitaya, koma ine sindikuonapo kanthu."

Mayi anangochinyamula, ulendo kuchipala kosulira bambo kuseri kwa nyumba, mwana akudandaula pambuyo. Anachikhazika pambali pa nyundo.

"Bambo ake, taonani ichi. Ine ndili ndi ntchito."

Bambo anayamba ayang'ana kumbali. Koma dzanja linapita lokha. Anachitembenuza, kuchikanda ndi chikhadabo, kuchigogoda pang'ono khutu lili pafupi.

"Wapanga ichi ndani? Waononga."

"Anamwalira kalekale, Ababa. Mwina zaka chikwi zapitazo."

"Ngakhale. Taona, mbali iyi inapsa bwino, iyi ayi. Wopopa mvukuto anatopa ntchito ili pakati. Moto unazirala, chitsulo n'kugwirana ndi zinyalala. Akanakhala wanga ndikanamupitikitsa tsiku lomwelo."

"Dikirani ndilembe!"

Pepala panalibe. Anang'amba kachidutswa ka katoni, n'kusolola pensulo imene inali kukhutu kwa bambo ake. Iwo sanadandaule. Ankasisita chibumacho ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono.

"Koma mwini ng'anjoyo anali mmisiri," anatero motsitsa mawu. "Tsiku limenelo anapita kunyumba chimanjamanja. Ndikuzidziwa."

"Komabe zaka zija sizikusintha, Ababa."

"Ndati zasintha? Wa m'Malemba uja ndiye anayamba, ako awa anaiwala n'kudzayambiranso. Chitsulo chake chinadyedwa ndi dzimbiri, ungachipeze kuti?"

"Chitsulo chimatha, koma zinyalala zake sizitha. Si izi mwazigwirazi?"

"Iwe!" Bambo anamuloza ndi mbaniro, koma masharubu anali akugwedezeka ndi kuseka. "Mayi ake, mwamumva mwana wanuyu? Pakamwa ngati lumo."

"Anatengera kwa ine ngati?" anatero mayi ali pakhomo, manja m'chiuno. "Kwatsala mphindi makumi awiri. Kapena Malemba anenaponso za nthawi ya basi?"

Bambo anapukuta manja pa ovololo, nakulunga chibuma chija m'sokosi mosamala ngati dzira. Chikwama anachiponya paphewa. Anatuluka pageti akukanganabe za chigumula, mwana atawakolowekera dzanja pamkono, malaya oyera a mwanayo akudetsedwa ndi mwaye.

Mayi anafuna kukuwa za malayawo, koma anangozisiya. Anakhala pampando, navula masilipasi, n'kusanjika miyendo patebulo.