Nalimata wa Malemu

Amuna awo atamwalira anawasiyira mayi telala makina osokera awiri ndi nalimata wamawangamawanga, wokhala m'bokosi lagalasi pafupi ndi zenera. Mayiwo kanyamako ankakasamala ngati dzira. M'mawa uliwonse asanaponde makina ankakaponyera tiziwala, n'kukathirira madzi m'kachivundikiro ka botolo.

Amene sizinkawagonetsa tulo anali alamu awo, achemwali a malemuwo.

"Alamu, cholengedwa sichikhala chokha ayi," ankatero akusuzumira m'bokosimo, koma diso lina lili pa mwiniwake.

Mayi telala sanabadwe dzulo. Zaka zonsezi nalimatayo anakadandaula kwa ndani? Ndiye tsiku lina alamu aja anatulukira ndi nalimata wachiwiri m'kakatoni, kumbuyo kwawo kuli bambo wogulitsa ziweto wa pangodya paja, nayenso woferedwa mkazi, tsitsi atalipesa ngati wokafunsira mbeta. Ha! Chikomekome cha mkuyu ichi. Akufuna kukwatitsa nalimata kapena ine?

"Ndi kakakazi aka, mayi, kofatsa," anatero bamboyo akukalowetsa m'bokosi.

Iwo anangoti zikomo wapakamwa, poopa kunyoza alamu.

Patapita masiku atatu bambo uja anabweranso, yekha tsopano. Mayi telala atamuona pakatani anati mumtima, si izi nanga! Anaimitsa makina n'kukhala chete mpaka bamboyo anatopa kugogoda. M'mawa mwake uyo, wabweranso.

"Mayi, ndi za nalimata uja! Ndiloleni ndimuonenso!" anafuula pazenera.

"Ali bwino, bambo. Mukawauze akutumaniwo kuti nafenso tili bwino."

Bamboyo anaima kanthawi, kenaka analowetsa kakalata kunsi kwa chitseko. Kalata, pa msinkhu uno! Manyazi alibe. Mayi telala anakatola ndi zala ziwiri n'kukaponya m'dengu la zidutswa za nsalu osakatsegula.

Masiku amenewo nalimata wa malemu sankatuluka kuseri kwa mwala wake. Tiziwala ankamaliza ndi mlendoyo. Mayi telala anaona, koma anangoti wanyanyala, nayenso sakufuna za ukwati wokakamiza. Anaseka okha, akusoka mpendero wa diresi.

Loweruka masana akukhuthula dengu lija, kakalata kanagwera paphazi. Anati ndione kaye mabodza ake ndisanatenthe. Munalibe ndi liwu limodzi lomwe la chikondi.

"Mayi, ndinalakwitsa poyang'ana. Amene ndinakupatsani uja ndi wamphongo ngati wanuyo. Amphongo awiri m'bokosi limodzi amaphana. Chonde alekanitseni lero lomwe."

Dengu analisiya pomwepo. Mlendo uja anamupeza ali tambalala panthambi, mimba ili tuu. Ananyamula mwala uja. Nalimata wa amuna awo anali pamenepo, mchira palibe, pakhosi pali mabala okhaokha.

"Mayo ine, ndakupha ndekha," anatero, mtima ukuwawa ngati maliro aja ayambiranso.

Anamuika pachikhatho, namukhudza ndi chala. Anali atauma kale.