Kamba wa a Blackson asamukira ku Khonjeni

A Blackson atapuma ntchito ku esiteti ya tiyi, nyumba ya kampani inayenera kubwezedwa, ndipo kopita kunalibe kwina koma kwawo kwa akazi awo, a Teleza, ku Khonjeni. Kukayamba ukamwini ndi imvi kumutu kunkawawawa bamboyo. Sananene, koma mkwiyo wonse anauthira pa nkhani ya kamba wawo, amene anamutola m'munda wa tiyi ana akadali aang'ono.

Crispin, dalaivala wa pikapu, ankafuna kumuponya kumbuyo pakati pa mipando ndi malata. A Blackson anakana kwamtuwagalu. Anati malata amatentha ndi dzuwa, msewu ndi wa mabampu okhaokha, ndipo kambayo akagudubuka n'kugona chagada adzamutembenuza ndani? Crispin anati kwawo chinthu chotere sachikweza galimoto, amachikweza pamoto. Palibe anaseka naye.

Bamboyo anapeza katoni ya sopo, naboola timabowo, nayalamo chitenje chakale kuti kambayo asamaterereke. Katoniyo anaiika pansi kutsogolo n'kuipana ndi miyendo. A Teleza anakwera kumbuyo ndi katundu, akuseka kuti lero adziwa amene ali mkazi wamkulu pabanjapo.

Njira yonse Crispin ankangouzidwa kuti pang'onopang'ono, mpaka a kabaza ankawapitirira. Kambayo anabweza mutu m'chigoba. Mwini wake nayenso anangoti duu, akuyang'ana mizere ya tiyi ikutsalira m'mbuyo.

Atafika, alamu awo anathamangira kumasula zingwe, koma a Blackson anati asatsitse kanthu kaye. Anatulutsa kambayo n'kumuika pamthunzi wa nthochi. Kamba uja osasuntha. Anthu anayamba kuyang'anana, Crispin akudandaula kuti dzuwa likupita. A Teleza ankawadziwa amuna awo. Sanawakakamize, anangopita kuseri kukathyola chisoso cha pakhomo pomwe iwo anabadwira, nachiika patsogolo pa chigobacho.

Panapita kanthawi ndithu. Kenako kamutu kaja kanasuzumira, kananunkhiza, n'kuluma tsamba.

A Blackson anapumira m'mwamba. "Wadya za kuno," anatero. "Tsitsani katunduyo, alamu. Mpando wangawo muuike pompano."