Zimene a Laimoni Anawonjezera

A Laimoni a ku Magaleta ankadziwa kuyankhula, ndipo vuto lawo linali lomwelo. Pabwalo lakumudzi nkhani sankaipereka yosathira mchere, anthu n'kumawaombera m'manja.

Chaka chimene zipani zinachuluka, Dailesi, mwana wa mlongo wawo, anapatsidwa mimba. Monga malume, iwo ndiwo anakaitula kwa Ezekiele, wogulitsa makala pa Zalewa. Ezekiele anagwada, maso pansi, nati, "Ndi yangadi, malume." Gogo wina amene anapita nawo tsikulo anamwalira posakhalitsa, choncho womva mawuwo anatsala a Laimoni okha.

Mwana atabadwa, Ezekiele anakanitsitsa kwamtuwagalu, ngakhale sopo sanagule. Dailesi anakasuma kukhoti kuti bamboyo azithandiza mwana wake.

Pamaso pa majisitireti a Laimoni analumbira, nanena zimene anamva. Apo akanangokhala pansi. Koma m'khotimo munali zii, popanda wogwedeza mutu kapena woti "eya". Majisitireti ankangolemba. A Laimoni anaona ngati mawu awo apepuka.

"Komanso, bwana, awiriwa ndinawapezerera ndekha m'munda wa nandolo, mwezi wa Julaye."

Atapatsidwa mwayi wofunsa, Ezekiele anaimirira mwaulemu. "Malume, Julaye yense simunali ku Nsambe kocheka matabwa?"

A Laimoni anayang'ana kudenga. "Mwina unali Ogasiti."

"Kodi munaona kapena simunaone?" anafunsa majisitireti.

"Sindinaone, bwana. Koma zogwada zija n'zoona, ndithu."

Majisitireti anatseka cholembera. Anati mboni inalipo imodzi yokha, ndipo yavomera yokha kuti yanama italumbira. Iye sakanatha kusankha kuti akhulupirire mbali iti ya mawu ake, ndipo sakanamsenzetsa munthu mwana pa umboni wosiya chikayiko chotere. Mlandu unathera pomwepo.

Panja a Laimoni analephera kudzutsa nkhope. Zinawapweteka kuti choonadi anali nacho m'manja, chokwanira, n'kuchiwononga okha. Kuyambira tsikulo mwanayo analibe bambo.

Dailesi anamangitsa chitenje cha mwana kumsana, nabwera pomwe anaima malume ake. A Laimoni anadikira kuti awalalatire, ndipo ankafunadi zimenezo. Koma mtsikanayo anagwada pafumbi, monga anamuphunzitsira iwo omwe.

"Zikomo, malume," anatero. "Mwayesetsa."