Nyimbo ya Makiyi

Namzeze anavula mahedifoni n'kuwaponya pampando. Kuseri kwa galasi, wojambula nyimbo anakanda mutu.

"Mawu alipo ndithu, mayi, koma moto mulibe," anatero. "Mukuimba ngati mukugoneka mwana."

Dzina la Namzeze anamupatsa ndi anthu, chifukwa mawu ake ankauluka ngati mbalameyo. Nyimbo imene inamutchukitsa, "Siyani Makiyi Pakhomo," anaipeka atangothawidwa ndi mwamuna wake, yemwe anapita kwa mkazi wina. Inali nyimbo yaukali, ndipo amayi ambiri ankaiimba akuchapa. Tsopano kampani inkafuna kujambulanso nyimbo zake zakale, ndipo inanena poyera kuti popanda iyi, chimbale sichituluka.

Vuto linali pabenchi m'khonde. Mwamuna uja anabwerera chaka chatha, sitiroko itamuumitsa mbali imodzi, mkazi winayo atamutaya ngati nsapato yong'ambika. Namzeze anamulandira, anzake akumuseka kuti madzi saiwala khwawa. Ankamusambitsa, ankamudyetsa, ndipo tsikuli anabwera naye chifukwa kunyumba kunalibe womusiyira. Nanga munthu amene m'mawa wamupukuta dovu, masana ungamuimbe bwanji kuti achoke?

"Ndipume kaye," Namzeze anatero, n'kutuluka.

Anamupeza atatsamira khoma, ndodo ili pamiyendo. Anamumwetsa madzi pang'onopang'ono.

"Chitseko chija sichitsekeka bwino," mwamunayo anatero, mawu akukokeka. "Ndamva zonse. Mwaiwononga nyimbo, mayi a ana."

"Ndiye mwasanduka mphunzitsi wa nyimbo tsopano?"

"Ine ndi amene ndimaidziwa kuposa wina aliyense. Ikayamba kulira m'basi, ndinkatsika ulendo usanathe. Ndalama zambiri zinapita choncho."

Namzeze anafuna kuseka, koma anangopukusa mutu.

"Sindingathe, bambo. Mkazi amene anaimba zija kulibenso. Ndikamatchula mawu aja, ndikuona inu mmene mulilimu."

Mwamunayo anayesa kukweza dzanja lolumala lija, koma linangogwedezeka.

"Musaone uyu. Onani uja anatuluka ndi sutikesi ana akulira. Uja ndi ine ndemwe. Kudwala sikunandisandutse wosalakwa. Mlandu suola."

"Mukufuna ndikuzengeni pamaso pa dziko lonse kachiwiri?"

"Munandikhululukira, ndikuthokoza. Koma musanamize nyimbo chifukwa cha ine. Zija zinachitika."

Namzeze anamuyang'ana nthawi yaitali. Chibwererereni, munthuyu anali asanatchulepo za tsiku limenelo. Anali kungolandira supuni ndi thaulo, maso ali pansi, ndipo Namzeze nayenso sanafunsepo kanthu.

Anabwerera m'kachipinda kojambulira. Wojambula uja atadzuka kuti akankhe chitseko, Namzeze anamuletsa ndi dzanja.

"Chisiyeni chotsegula."

"Phokoso lilowa, mayi."

"Lilowe."

Gitala itayamba, anatsinzina. Anaona khonde lakale, ana atamugwira siketi, msana wa mwamuna ukukhota pangodya. Mawu anatuluka otsika kuposa akale, olemera, osathamanga. Sunali ukali wa mtsikana wofuna kubwezera. Anali mawu a mayi amene akufotokoza zimene zinamuchitikira, mwamuna wolakwayo akumva. Pa vesi lomaliza mawu anasweka pang'ono, koma sanaime, ndipo wojambulayo sanamuimitse.

Nyimbo itatha, Namzeze anatsegula maso.

"Tibwereze pamene panasweka paja?" Namzeze anafunsa.

"Ayi, mayi. Musakhudzenso."

Panja anapeza mwamuna wake akupukuta nkhope ndi mkono wa malaya. Namzeze analowetsa phewa lake kunsi kwa dzanja lolumala lija, n'kumudzutsa. Anayamba kutsika masitepe, phazi limodzi, ndodo, kenako phazi linalo. Pakati pa masitepe, mwamunayo anayamba kung'ung'udza kolasi ya nyimbo ija.

"Mukuphonya, bambo," Namzeze anatero, akumugwiritsitsa m'chiuno.